Kalata yotseguka kwa Nduna Yoona za Ubale wa Malawi ndi Mayiko Akunja: za abale athu amene ali pa belo ku South Africa

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mmodzi mwa Amalawi okhala ku Johannesburg, ndipo ndalemba kalatayi poyera chifukwa eni ake a nkhaniyi sangathe kuilemba okha. Iwo ali ndi milandu kukhoti, ndipo loya aliyense amauza munthu wotero kuti asunge pakamwa mpaka mlandu utatha. Ndikunena za abale athu amene anamangidwa m'dziko lino, khoti n'kuwapatsa belo, ndipo tsopano akudikira tsiku la mlandu ali panja. Kalembera wa South Africa wa mu 2022 anapeza anthu obadwira ku Malawi pafupifupi 200,000, ndipo tonse tikudziwa kuti alipo ena amene amazemba akaona munthu wonyamula mafomu a boma. Pa khamu lotere sipangalephere kukhala omangidwa, ena olakwadi, ena ongonamiziridwa. Pempho langa ndi lakuti boma lathu liwadziwe anthu amenewa, liwalembe m'kaundula, ndipo liwachitire zinthu zingapo zimene palibe wina angawachitire kupatula boma la kwawo.

Uthenga ukafika ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay woti mwana watuluka pa belo, makolo mtima umakhala pansi, ena mpaka kukathokoza kutchalitchi kapena kumzikiti poganiza kuti zatha. Koma belo si kumasulidwa. Ndi pangano lakuti munthu azidikira mlandu ali kunja kwa ndende, ndipo azifika tsiku lililonse limene khoti lamuitana. Kwa mwini dziko pangano limeneli n'lopepuka, chifukwa amabwerera kunyumba kwake, kuntchito kwake ndi kwa abale ake. Kwa mlendo zimavuta, pakuti zonse zimene zikanamuthandiza kudikira, kaya ndi ntchito, malo ogona ngakhalenso chilolezo chokhalira m'dziko, zimadalira mapepala, ndipo mapepalawo ndi amene amayamba kulandidwa.

Malamulo a dziko lino pawokha sasankha mtundu wa munthu. Gawo 35 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu kwa aliyense womangidwa, osati nzika zokha: kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48, kupatsidwa loya wa boma ngati kusowa loya kungamuphere ufulu, kumva mlandu wake m'chiyankhulo chimene amadziwa, ndi kutulutsidwa ngati chilungamo chikulola kutero. Koma gawo 60 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu la mu 1977 limapatsa majisitireti mafunso oti adzifunse pofuna kudziwa ngati munthu angathawe. Kodi ali ndi banja, ntchito kapena katundu pamalopo? Kodi ali ndi chiphaso chimene angatulukire nacho m'dziko? Nanga atawoloka malire, kodi n'zosavuta kumubweza? Mafunsowa ndi oyenera, koma Mmalawi wosamalira maluwa kapena wothandiza amisiri omanga nyumba amawayankha atazolika. Mkazi ndi ana ali kumudzi. Katundu wake ndi matiresi, ketulo ndi foni. Ntchito yake ilibe kalata iliyonse.

Chopunthwitsa choyamba chimakhala adiresi. Khoti lisanapereke belo limafuna kuti wapolisi wofufuza mlandu akaone kumene munthuyo amagona, ndipo lamulo limalola kuimitsa pempho la belo kwa masiku okwana 7 pa nthawi imodzi kuti zimenezi zichitike. Ambiri mwa ife timakhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba za anthu, kapena m'mikhukhu ya malata yopanda nambala. Wapolisi akafika, mwini nyumba amachita mantha, chifukwa lamulo loona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko la mu 2002 limaletsa kuchititsa lendi munthu wopanda mapepala. Ndiye amangoyankha kuti munthuyo sakumudziwa. Mawu amenewo ndi okwanira kubwezera m'bale wathu ku rimandi, kaya ndi kundende ya Johannesburg imene anthu amaitcha Sun City, ku Kgosi Mampuru ku Pretoria, ku Pollsmoor ku Cape Town kapena ku Westville ku Durban. Nthawi zina vuto limakhala dzina lenilenilo: pasipoti ikunena zina, wapolisi analemba zina usiku womangidwa uja, ndipo palibe wobwera kudzatsimikiza kuti munthuyu ndi yemweyo.

Ndalama ya belo ikatchulidwa, njira ya ndalama imatembenuka. Nthawi zonse makobidi amachoka kuno kupita kumudzi kudzera pa Mukuru kapena mwa matransipota. Tsopano ndi a kumudzi amene amagulitsa mbuzi, chimanga kapena malata amene mwana yemweyo anatumiza, kuti marandi akwane. Lamulo limanena kuti khoti lifunse kaye ngati munthu angathe kulipira, ndipo bungwe loyendera ndende za dziko lino lakhala likudandaula kuti m'ndende muli anthu ambiri amene belo anapatsidwa koma akulephera kulipira ngakhale ndalama yochepa. Amene amatuluka ndi aja ali ndi mpingo, gulu la maliro kapena anzawo a kumudzi umodzi oti asonkhe. Ambiri mwa osonkhawo sadziwa n'komwe kuti ndalama ya belo imabwezedwa mlandu ukatha, kaya munthu wapezeka wolakwa kapena ayi, bola ngati sanathawe ndipo lisiti lasungidwa.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani, a Nduna. Pomupatsa belo mlendo, khoti kawirikawiri limalamula kuti apereke pasipoti yake kwa apolisi, asatuluke m'chigawo chimene akukhala, asayandikire malire kapena bwalo la ndege, ndipo azikasaina kupolisi masiku oikika. Zonsezi n'zomveka. Koma Mmalawi wolowa m'dziko lino ngati mlendo amapatsidwa masiku 30 okha, ndipo ambiri amadalira kutuluka ndi kulowanso kuti adinditse masiku atsopano. Ngakhale amene ali ndi chilolezo cha ntchito kapena cha sukulu, chilolezocho chili ndi tsiku lothera, ndipo pokachiwonjezera pamafunika pasipoti. Pasipotiyo ili m'kabati ya apolisi. Masiku akatha, munthu uja amapezeka ali pakati pa malamulo awiri a dziko limodzi: khoti likumuuza kuti asachoke, pamene lamulo la olowa ndi kutuluka likumuuza kuti achoke. Akamvera lina ndiye kuti waphwanya linzake.

Zotsatira zake si zazing'ono. Kukhala m'dziko lino popanda chilolezo ndi mlandu pawokha, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka ziwiri m'ndende. Wopyola masiku ake ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa zaka 5. Wapolisi wa pamsewu akaimitsa munthu amafuna pasipoti yodinda bwino, ndipo lisiti la belo si chilolezo chokhalira m'dziko. Choncho m'bale wathu akhoza kumangidwanso ali pa ulendo wokasaina kupolisi komweko, ndipo kumangidwa kachiwiri uli pa belo kumaipitsa mlandu woyamba uja. Akhozanso kutengeredwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungirako anthu oyenera kubwezedwa kwawo. Akabwezedwa mlandu usanathe, tsiku la khoti dzina lake lidzaitanidwa pakhonde, sadzayankha, ndipo majisitireti adzalemba chikalata chomumangira. Munthu amene boma lomwelo linamukweza basi adzakhala m'mabuku ngati wothawa belo.

Nanga pa nthawi yonseyi adya chiyani? Lamulo limalanga bwana wolemba ntchito mlendo wopanda chilolezo, ndiye bwana akangomva za mlandu ndi za pasipoti yolandidwa, amamuuza munthuyo kuti akapume kaye, ndipo kupuma kumeneko sikukhala ndi tsiku lobwerera. Amene wapeza ganyu amaitayanso chifukwa cha masiku okasaina ndi masiku a khoti, pakuti kukhoti munthu amafika m'mawa n'kukhala pabenchi mpaka masana kuti angouzidwa tsiku lina. Takisi imafuna ndalama, mwini nyumba akufuna lendi, ndipo kumudzi ana athamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi. Munthu wa pa belo m'dziko la eni ali ngati mbuzi yomangidwa pa chingwe pamalo opanda msipu: sali m'khola, koma sangapite kumene kuli udzu. Wa ku rimandi, ngakhale akuvutika, amapatsidwa chakudya ndi pogona. Wa panja palibe womuwerengera.

Ndipo milandu kuno imayenda pang'onopang'ono. Lero kafukufuku sanathe, mwezi wamawa zotsatira za ku labotale sizinabwere, ulendo wina fayilo sinafike kukhoti, kenaka mboni sinabwere kapena loya wasinthidwa. Kwa amene ali m'ndende lamulo linaika malire: sayenera kupyola zaka ziwiri pa rimandi nkhani yake isanaperekedwe kukhoti kuti liunikenso. Wa pa belo alibe malire otere, chifukwa amaoneka ngati ali pa mtendere. Chilipo chida chimodzi, gawo 342A la lamulo la mu 1977 lija, limene limapatsa khoti mphamvu yofufuza ngati mlandu ukuchedwa popanda chifukwa chomveka, ngakhale kuuchotsa pa mndandanda wa milandu. Palinso mwayi wopempha khoti kuti lisinthe malamulo a belo ngati akumulepheretsa munthu kupeza chakudya. Koma zimenezi zimafuna munthu wodziwa kuti zilipo ndi wolimba mtima kuzipempha, ndipo mlendo wamantha amangoti zikomo pa tsiku lililonse latsopano limene wapatsidwa.

Chiyankhulo chimawonjezera kuchedwako. South Africa ili ndi ziyankhulo za boma 12, ndipo Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao palibe pa mndandandawo. Womasulira wa ziyankhulo zathu amachita kufunidwa mwapadera, ndipo akasowa mlandu umaimitsidwa. Pofuna kuti zinthu zifulumire, ena mwa abale athu amauza khoti kuti Chingerezi kapena Chizulu amamva. Amamvadi, koma ndi Chizulu cha m'takisi ndi Chingerezi cha pantchito. Mawu a m'khoti ndi ena, ndipo munthu amatha kuvomera ndi mutu chinthu chimene chidzamutsekera m'ndende zaka zambiri.

Munthu akatopa chonchi amayamba kuganiza njira ziwiri, ndipo zonse ndi zoipa. Yoyamba ndi kungovomera mlandu, ngakhale umene sanapalamule, kuti alipire chindapusa kapena agwire ukaidi wa miyezi ingapo, abwezedwe kwawo, zithe. Amene wachita zimenezi amanyamula mbiri ya upandu moyo wake wonse, ndipo mbiriyo idzamutsekera zitseko za ntchito ndi za mayiko ena. Yachiwiri ndi kuthawa. Njira ya pansi ndi yodziwika: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kenaka Mwanza kapena Dedza, ndipo anthu oti amuolotse popanda pasipoti sasowa. Koma akuluakulu anati mlandu suola. Wothawa belo amataya ndalama imene abale anasonkha, amapalamula mlandu watsopano umene chilango chake chikhoza kufika chaka chimodzi m'ndende, ndipo chikalata chomumangira chimamudikira pamalire mpaka kalekale. Choposa apo, amasiyira tsoka Mmalawi wotsatira amene adzaime m'khoti lomwelo kupempha belo.

Pa mfundo imeneyi sindingadumphe nkhani imene aliyense kuno amaidziwa. Pa 4 Novembala 2020, khoti la majisitireti ku Pretoria linapereka belo ya marandi 200,000 aliyense kwa a Shepherd Bushiri ndi akazi awo a Mary, amene ankaimbidwa milandu yokhudza chinyengo ndi kuzembetsa ndalama. Pasanathe masabata awiri anapezeka ali ku Malawi, ndipo iwo anafotokoza kuti moyo wawo unali pa chiopsezo ndiponso kuti sankakhulupirira kuti adzaweruzidwa mwachilungamo. Boma la South Africa linapempha kuti abwezedwe. Nkhaniyo inakokana m'makhoti athu zaka zoposa zinayi, mpaka mu Malichi 2025 pamene khoti la majisitireti ku Lilongwe linagamula kuti abwezedwe, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Khoti Lalikulu linathetsa chigamulo chimenecho. Ine sindikuweruza mlandu umenewu. Makhoti athu ndi oima paokha, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu wodziteteza. Ndikungokumbutsa kuti limodzi mwa mafunso a gawo 60 lija ndi lakuti kodi wothawa angabwezedwe mosavuta, ndipo woimira boma pa milandu akafuna kukaniza Mmalawi belo, chitsanzo sachita kuchifuna patali. Amene amalipira mtengo wa kukayikiridwa kumeneku ndi mnyamata wa ku Makanjira amene alibe ngakhale ya takisi yopita kokwerera mabasi ku Park Station.

N'chifukwa chake mawu a boma lathu ali ofunika. Pangano la ku Vienna la mu 1963 lokhudza ntchito za akazembe, m'ndime 36, limati mlendo akamangidwa auzidwe kuti ali ndi ufulu woti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe, ndipo akapempha, apolisi aidziwitse mosachedwa. Limaperekanso ufulu kwa a ofesiyo wokamuona, kuyankhula naye ndi kumupezera loya. Koma ndimeyi imanena kwambiri za munthu amene ali m'manja mwa apolisi kapena m'ndende. Akangotuluka pa belo amasowa pa mndandanda wa aliyense: a ndende amufufuta, a kazembe oyendera ndende samupezako, a unduna wa zam'dziko wa kuno, wa Home Affairs, amamuona ngati wopyola masiku basi. Komabe ndime 5 ya pangano lomwelo imapatsa akazembe ntchito yothandiza nzika zawo m'dziko limene akugwiramo ntchito, ndipo sinena kuti thandizolo lithere pachipata cha ndende. Tili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Mphamvu ilipo kale. Chofunika ndi dongosolo ndi lamulo lochokera kwa inu.

Choyamba, pakhale kaundula wa Amalawi onse amene ali ndi milandu kuno, a m'ndende ndi a pa belo omwe, wolembamo khoti, nambala ya mlandu, tsiku lotsatira ndi m'bale woti adziwitsidwe kumudzi ngati mwini wake walola. Kuti kaundulayu adzaze, pakhale nambala imodzi ya foni yoyankhidwa usana ndi usiku, yolandiranso mauthenga a pa WhatsApp. Nambalayo ilembedwe pa kakhadi ka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kofotokoza mwachidule ufulu wa munthu womangidwa, ndipo kakhadiko kaziperekedwa pachipata cha Mwanza ndi cha Dedza, m'mabasi obwera kuno, m'mipingo ndi m'mizikiti. Anthu ambiri sapempha kuti kazembe adziwitsidwe chifukwa palibe anawauzapo kuti angathe kupempha.

Chachiwiri, ofesi ya kazembe izitha kupereka kalata yotsimikiza kuti munthu ndi ndani, ndipo izituluka mkati mwa masiku 7 aja amene khoti limapereka. Kuyambira 2017 dziko lathu lili ndi kaundula wa unzika wokhala ndi zithunzi ndi zidindo za zala. Kutsimikiza dzina la munthu, mudzi wake ndi mfumu yake si ntchito yofuna mwezi. Kalata yotere, ikafika m'manja mwa loya pa tsiku lopempha belo, imasintha maonekedwe a munthu pamaso pa khoti. Amasiya kukhala mlendo wosadziwika kochokera, n'kukhala munthu amene boma lake likumudziwa ndipo likudziwa kumene angapezeke.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, kambiranani ndi anzanu a ku Pretoria, pamodzi ndi a Home Affairs, a unduna wa zachilungamo ndi a ofesi yozenga milandu, kuti mlendo amene khoti lamulanda pasipoti ndi kumuletsa kuchoka azipatsidwa chikalata chomuloleza kukhala mpaka mlandu utatha, ndi kugwira ntchito yoti azidyerapo. Masiku amene wakhala chifukwa cha lamulo la khoti asamawerengedwe ngati opyola, ndipo asamabwezedwe kwawo khoti lisanadziwe. Lamulo lawo la mu 2002 limapereka kale mpata kwa akuluakulu a Home Affairs wolola munthu kukhala kanthawi, ndiponso wopeputsa zofunika zina pakakhala chifukwa chomveka. Chikusowa ndi njira yodziwika imene wapolisi wa pamsewu angailemekeze. Mayiko awiriwa ali ndi komiti yokambirana za mgwirizano wawo, ndipo onse ali mu SADC. Vutoli likukhudzanso anthu a ku Zimbabwe, Mozambique ndi Lesotho, choncho simudzayankhula nokha. Ngakhale a South Africa apindula, pakuti munthu wokhala ndi chikalata, ntchito ndi adiresi ndi amene amafika kukhoti.

Chachinayi, ofesi zathu zisonkhanitse mayina a Amalawi okhala kuno mwalamulo amene amadziwa bwino Chingerezi ndi ziyankhulo zathu, aphunzitsidwe mawu a m'khoti, ndipo mndandanda wawo uperekedwe ku makhoti a m'madera amene tili ambiri. Aphunzitsi, anamwino ndi ophunzira a m'mayunivesite alipo. Wolipira womasulira ndi khoti, osati boma lathu. Ife tikungofunika kuonetsetsa kuti mlandu usaimitsidwe chifukwa chosowa munthu womva Chiyao mumzinda umene Ayao ali mbwee.

Chachisanu, pakhale munthu mmodzi kapena awiri ku ofesi ya ku Johannesburg amene ntchito yawo ndi kutsatira milandu imeneyi: kulumikiza anthu ndi Legal Aid South Africa, imene imaimira ngakhale alendo pa milandu ya upandu, ndi mabungwe ngati Lawyers for Human Rights, kukumbutsa loya za gawo 342A mlandu ukakalamba, ndi kukakhala pabenchi ya kumbuyo pa milandu ikuluikulu. Pa ntchito yotereyi ife sitiyenera kuphunzitsidwa ndi wina. Ku Malawi n'kumene kunayambira, mu 2000, ntchito ya alangizi a zamalamulo oyendera ndende imene lero ili m'manja mwa bungwe la PASI, ndipo mayiko ngati Kenya, Uganda ndi Bangladesh anadzatengera kwa ife. Mfundo za mu 2004 zokhudza thandizo la zamalamulo kwa omangidwa mu Africa zimatchedwa ndi dzina la Lilongwe, chifukwa n'komwe zinagwirizanidwa. N'zochititsa manyazi kuti luso limene tinagawira mayiko ena lisafike kwa ana athu amene ali pa mtunda wa maola awiri okha pa ndege.

Chomaliza ndi cha pamapeto pa mlandu. Munthu akapezeka wosalakwa kapena mlandu ukachotsedwa, amafunika womuthandiza kulondola pasipoti yake kupolisi, kutenga ndalama ya belo, ndipo ngati pasipotiyo inatha ntchito ili m'kabati, kumupatsa chikalata choyendera kuti akafike kwawo mwaulemu. Ambiri amasanduka matchona pa nthawi imeneyi. Mlandu watha, koma ntchito inatha kalekale, mapepala anaonongeka, ndipo manyazi obwerera chimanjamanja amawatsekera kuno.

Ndikudziwa zimene ena anene. Adzati boma lilibe ndalama. Koma sindinapemphe kuti msonkho wa Amalawi ulipire belo kapena maloya odula. Kaundula, nambala ya foni, kalata yotsimikiza dzina ndi msonkhano wa nduna ziwiri ndi zotchipa poyerekeza ndi ndalama zimene anthu omwewa amatumiza kwathu mwezi ndi mwezi, zimene boma limaziyamikira likamakamba za kusowa kwa ndalama zakunja. Ena adzati anthuwa anapalamula okha, ndiye azione. Yankho ndi lakuti wa pa belo sanaweruzidwe, ndipo malamulo a mayiko onse awiri amamutenga kukhala wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Enanso adzati tisalowerere makhoti a eni. Sitikulowerera ayi. Ndipo ndikupempha kuti ofesi zathu zizinena poyera kwa aliyense wobwera kudzadandaula kuti sizidzapereka chikalata choyendera kwa munthu amene akuthawa mlandu, koma zidzamuthandiza kukhala mpaka mlandu wake utaweruzidwa. Boma limene limathandiza anthu ake kufika kukhoti ndi limene makhoti a eni amalikhulupirira.

Pokakamba zimenezi ku Pretoria, mudzafunsidwa za kwathu, ndipo ndi bwino kukonzekera. Nafenso tili ndi alendo amene amagwa m'milandu: a ku Mozambique, a ku Burundi, a ku Rwanda, a ku China, ndi a ku Ethiopia amene akhala akudzaza ndende ya Maula ndi zina atagwidwa ali pa ulendo wobwera kuno. Gawo 42 la malamulo athu aakulu limapereka ufulu wa belo kwa munthu aliyense womangidwa, ndipo lamulo lathu lotsogolera za belo la mu 2000 limafunsanso ngati munthu angathawe. Makhoti athu nawonso amalanda mapasipoti. Mukambirane ndi anzanu a unduna wa zam'dziko ndi wa zachilungamo kuti mlendo wa pa belo ku Lilongwe kapena ku Mzuzu azipatsidwa chikalata chofanana ndi chimene tikupemphera anthu athu kuno. Tikayamba ife, pempho lathu lidzakhala ndi mphamvu.

A Nduna, ndikupempha kuti yankho la kalatayi lidzaperekedwe poyera, monga momwe kalatayi yalembedwera, kuti makolo a kumudzi alimve pa wailesi. Ndikupemphanso kuti chaka chilichonse unduna wanu uzikauza Nyumba ya Malamulo chiwerengero cha Amalawi amene ali ndi milandu kunja, angati ali m'ndende, angati ali pa belo, ndi angati amene milandu yawo yapyola chaka isanazengedwe. Aphungu a ku Mangochi, Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira ziwerengero zimenezi, chifukwa anthuwa ndi a m'madera awo. Ife a kuno, kudzera m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu athu a maliro, tili okonzeka kusonkhanitsa mayina, kupereka omasulira ndi kuperekeza anthu kukhoti. Tiuzeni ofesi yoti tizikapereka mayinawo ndi munthu amene aziwalandira.

Ine wanu mwaulemu,

Mmalawi wokhala ku Johannesburg